Matenda Okhalitsa: Namwino Akhale Mphunzitsi

Nkhani ya za umoyo imene inakambidwa pa wailesi m'Cinyanja. Taisindikiza pano kuti amene anali ku nchito usiku umenewo aiwerenge.

 Usiku uno ndifuna kukamba nanu za matenda amene sacoka m'thupi, ndi za maphunziro amene anchito a m'zipatala zazing'ono ayenera kulandira kuti adziwe kuthandiza munthu wodwala matenda otere kudzisunga yekha. Kapena wina alikunena mumtima mwace kuti, "Maphunziro a anamwino andikhudza bwanji ine wogwira fosholo?" Dekhani pang'ono, pakuti nkhaniyi iri ya miyendo yanu, ya maso anu, ndi ya nchito imene idyetsa ana anu.

MATENDA A MITUNDU IWIRI

Tonse tidziwa matenda amene afika mwadzidzidzi, nabvuta masiku owerengeka, nacoka. Malungo ali otero. Munthu amva kuzizira ndi kuphwanya m'thupi, apita ku cipatala, amtenga mwazi pa cala, ampatsa mankhwala a masiku atatu, ndipo sabata isanathe wabwerera ku nchito. Pa matenda otere dotolo ndiye mwini nchito. Wodwala angomvera ndi kumeza. Ndi cimodzi-modzi munthu amene mwala wamthyola mwendo pansi pa mgodi: iye agona, ena namanga pfupalo, ndipo pakupita kwa nthawi lilumikizana.

Koma alipo matenda ena amene akalowa m'thupi amangamo nyumba. Ndinena matenda a shuga, kuthamanga kwa mwazi kumene ambiri angoti BP, mphumu, khunyu, kacirombo ka HIV, ndi matenda a pfumbi la miyala amene aumitsa mapapo a anthu okumba pansi. Mankhwala awagonetsa matendawa, koma sawacotsa. Munthu akhala nao zaka khumi, zaka makumi awiri, kapena moyo wace wonse. Kale tinali kuganiza kuti shuga ndi BP ndi matenda a Azungu ndi a anthu olemera. Sizitero ai. Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, linawerenga kuti m'caka ca 2019 mwa anthu anai ali onse amene anamwalira, pafupi-fupi atatu anafa ndi matenda osapatsirana monga a mtima, a shuga, a mapapo ndi khansa. Ndipo pamene Boma lathu linapima anthu akulu m'zigawo za Zambia m'caka ca 2017, linapeza kuti pafupi-fupi mmodzi mwa asanu anali ndi mwazi wothamanga.

Coopsa ca matendawa ndi kufatsa kwao. BP kawiri-kawiri siipweteka. Munthu ayenda, aseka, asenza matumba, pamene m'kati mitsempha irikutha. Tsiku lina agwa pa khomo, mkono ndi mwendo zafa mbali imodzi, pakamwa papotoka, ndipo anthu ayamba kunong'onezana za ufiti. Shuga nayenso adya mobisa: aononga maso, impso, ndi mitsempha ya ku mapazi, kufikira munthu aponda msomali osamva kanthu.

TIYENI TIWERENGE MAOLA

Caka cimodzi ciri ndi maola 8,760. Munthu wodwala shuga kapena BP akapita ku cipatala kanai pa caka, nakhala pamaso pa namwino mphindi khumi ndi zisanu ulendo uli wonse, ndiye kuti pa caka conse waonana naye ola limodzi lokha. Maola ena onse otsala ali yekha ndi matenda ace. Ndani amene asankha kukula kwa nsima pa mbale yace? Ndani athira mcere m'ndiwo? Ndani akumbukira mankhwala mbandakuca, basi ya ku mgodi irikulira pa mseu? Ndani abvula jombo madzulo naona cironda pa cidendene? Si dotolo iai. Ndi mwini thupi, pamodzi ndi a m'nyumba mwace.

Cotero munthu wodwala matenda okhalitsa ali kale mlonda wa thupi lace, afune asafune. Cotsala ndi ici cokha: kodi ndi mlonda wophunzitsidwa, kapena wongoikidwa pa cipata usiku wopanda nyali? M'caka ca 2003 bungwe lomwe lija la WHO linalengeza kuti ngakhale m'maiko olemera, mwa anthu oyenera kumwa mankhwala masiku onse, theka lokha ndilo liwamwa monga anauzidwa, ndi kuti m'maiko osauka ciwerengeroco cicepa koposa. Mankhwala abwino amene atsala m'botolo saciritsa munthu.

Tsono ola limodzi lija ndilo cuma ca namwino. Akalitaya pa kulemba m'kabuku ndi kuwerenga mapiritsi okha, wodwala abwerera kwao monga anadzera. Koma akaligwiritsa nchito pa kuphunzitsa, ola limodzilo lilamulira maola ena onse a m'caka.

KUMENE NZERUYI INACOKERA

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Ku Boston, m'dziko la America, kunali dotolo wa matenda a shuga dzina lace Elliott Joslin. M'caka ca 1918 iye analemba buku lakuti dotolo ndi wodwala aziwerengera pamodzi, cinthu cacilendo masiku amenewo, pamene madotolo ambiri anali kusunga nzeru zao monga asunga ng'anga zizimba zace. M'caka ca 1921, ku Toronto m'dziko la Canada, Frederick Banting ndi Charles Best anapeza mankhwala a insulin, ndipo m'January 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala woyamba kulasidwa nao. Pomwepo panabuka funso: mankhwala olasa tsiku ndi tsiku, adzalasa ndani? Dotolo sangafike pa nyumba iri yonse m'mawa uli wonse. Panalibe njira yina koma kuphunzitsa odwala kudzilasa okha, ndipo Joslin anayamba kutuma anamwino m'nyumba za anthu kukawaphunzitsa.

Patapita zaka zambiri, namwino wina, Kate Lorig, wa pa sukulu yaikulu ya Stanford ku California, anapitiriza nzeruyi. Anayamba ndi anthu odwala nyamakazi, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anakonza maphunziro a anthu odwala matenda okhalitsa a mtundu uli wonse. Anthu anali kusonkhana kamodzi pa sabata, maola awiri ndi theka, kwa masabata asanu ndi awiri, ndipo otsogolera kawiri-kawiri anali odwala anzao amene anaphunzitsidwa. M'caka ca 1999 anaulutsa zimene anapeza pa anthu oposa 900: amene anaphunzira anali kulimbitsa thupi koposa anzao, anali kukamba bwino ndi madotolo ao, ndipo anagona m'cipatala masiku ocepa.

Pomwepo akulu a za umoyo anazindikira kuti kuphunzitsa odwala sikungatheke ngati anchito a m'cipatala eni ace sadziwa kuphunzitsa. Ndipo anchito ofunika koposa si madotolo a m'zipatala zazikulu monga U.T.H. ya mu Lusaka, amene munthu awaona matenda atakula kale. Ofunika ndi a pa kiliniki ya m'komboni ndi ya kumudzi: namwino, mthandizi wa dotolo amene timucha clinical officer, wopereka mankhwala pa zenera, ndi woyendera anthu m'nyumba zao. Cifukwa ca ici, m'caka ca 2010 WHO inatulutsa malangizo ochedwa PEN, oonetsa m'mene zipatala zazing'ono za m'maiko osauka zingapimire ndi kusamalira BP, shuga ndi mphumu, ndipo kulangiza wodwala anakuwerengera pakati pa nchito zimenezo.

ZIMENE AYENERA KUPHUNZIRA

Nanga m'maphunziro amenewa muli ciani? Namwino adziwa kale maina a mankhwala ndi muyeso wace. Zimene zisowa ndi zina, ndipo ndichula zisanu.

Coyamba ndi kufunsa ndi kuchera khutu. Tiyeni tiyerekeze. Mwamuna wogwira nchito pansi pa mgodi afika pa kiliniki, ampima, ndipo mwazi wace wakwera kupitirira 140 pa 90, amene ndiwo malire. Namwino wosaphunzira nzeruyi akalipa: "Inu simumva! Mufuna kufa kodi?" Mwamunayo aweramitsa mutu, nati, "Ndamva, amai," natuluka, ndipo mwezi wamawa sabweranso. Namwino wophunzira afunsa mofatsa: "Atate, anthu ambiri apeza bvuto pa kumwa mankhwalawa masiku onse. Nanga inu cikubvutani nciani?" Pamenepo coona cituluka. Ena mwa mankhwala a BP akodzetsa kawiri-kawiri, ndipo munthu amene ali pa shifiti kutali ndi cimbudzi, kapitao ali pambuyo, aleka kuwamwa. Ena atupitsa akakolo kotero kuti jombo ithina. Ena abweretsa kacifuwa kouma kosatha. Ena aopedwa cifukwa mnzace ku bawa anati afoola mwamuna m'nyumba, ndipo nkhani yotere munthu sanganene kwa womkalipira. Zonsezi ziri ndi cocita cace: kusintha nthawi yomwera, kapena kusintha mtundu wa mankhwala. Koma namwino sangakonze cimene sanacimve. Njira yofunsa motere anayamba kuilongosola William Miller m'caka ca 1983, pothandiza anthu ogonja ku mowa, ataona kuti munthu womkankha alimba msana, koma wonena yekha cifukwa cofunira kusintha, asinthadi.

Caciwiri ndi kubwezetsa mau. Mukafunsa munthu kuti, "Mwamva?" adzayankha "Inde" cifukwa ca ulemu, ngakhale sanamve kanthu. Tonse tinaleredwa motero. Cotero namwino aphunzitsidwa kunena kuti, "Atate, ndifuna kudziwa ngati ndalongosola bwino. Mukafika kunyumba, mudzawauza ciani amai za mankhwalawa?" Wodwala akalongosola mokhota, namwino sanena kuti wodwalayo ndi wopusa, adziwa kuti kulongosola kwace ndiko kunaperewera, nayambanso ndi mau ena. Aphunzitsidwanso kusaunjika zinthu khumi pa ulendo umodzi. Ziwiri kapena zitatu zikwana, zonenedwa m'cinenero ca wodwalayo, Cinyanja, Cibemba kapena Citonga, wopanda mau a Cizungu a m'mabuku.

Cacitatu ndi pangano laling'ono. Kuuza munthu kuti, "Leka mowa, leka fodya, leka mcere, cepetsa thupi," kuli ngati kumuuza kuti asenze nyumba. M'maphunziro a Lorig wodwala asankha yekha cinthu cimodzi cimene afuna kucita sabata imeneyo, nanena cimene adzacita, liti, ndi kangati. Mwacitsanzo: "Lolemba, Lacitatu ndi Lacisanu ndidzatsika basi pa siteshoni ya kumsika ndi kutsiriza ulendo pa miyendo." Kapena: "Sabata ino mcere sudzakhala pa tebulo." Ndipo amfunsa kuti, pa zala khumi, ndi zala zingati zimene akhulupira nazo kuti adzacitadi. Akanena zocepera zisanu ndi ziwiri, panganolo lakula. Alicepetsa kufikira likwane mphamvu zace. Pa ulendo wotsatira namwino ayamba ndi kufunsa za pangano lija. Likatheka, wodwala aona kuti angathe, nalimba mtima kutenga lina. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo, anatero akale.

Apa namwino ayenera kudziwa za m'mphika wa anthu ace. WHO inena kuti mcere wa munthu wamkulu pa tsiku lonse usafike magalamu 5, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza. Koma mcere suli m'botolo mokha. Uli mu nsomba zouma zothira mcere, m'tizidutswa tokometsera ndiwo togula ku sitolo, m'masoseji, ndipo soda amene amai athira m'therere acita m'thupi monga mcere womwe. Kuuza munthu wa m'komboni kuti adye zakudya zimene sangathe kugula ndi kumseka. Koma kumuuza kuti abviike nsomba m'madzi ndi kutaya madziwo asanaphike, kuti acepetse nsima ndi kuonjeza cibwabwa, repu ndi nyemba, kuti aleke zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, ndiwo malangizo amene angalowe m'nyumba.

Cacinai ndi kuonetsa ndi manja. Munthu saphunzira kupalasa njinga pomvera nkhani. Wodwala shuga abvule nsapato pamaso pa namwino, aphunzire kuyang'ana pansi pa phazi ndi pakati pa zala tsiku liri lonse, kupukuta bwino akasamba, kugwedeza jombo asanabvale kuti mungakhale kamwala, ndi kusayenda wopanda nsapato. Kacironda kakang'ono m'jombo yonyowa, pa phazi losamva ululu, ndiko ciyambi ca miyendo yambiri imene idulidwa m'zipatala zathu. Ndipo mwendo ukapita, nchito ya pansi pa mgodi yapita nao. Wodzilasa insulin adzilase pamaso pa namwino kufikira dzanja lace lizolowere. Wa mphumu aonetse m'mene apopera mankhwala ace m'kamwa, pakuti ambiri apopa molakwa, mankhwala nathera pa lilime osafika ku mapapo. Madotolo a ku Cape Town anaonetsa m'caka ca 1999 kuti botolo la pulasitiki la theka la lita, loboola bwino ku tsinde kuti kopopera kalowepo, lithandiza mwana kukokera mankhwalawo m'mapapo monga cipangizo cogula ndi ndalama. Nzeru yotere namwino ali yense ayenera kuidziwa ndi kuipereka.

Cacisanu ndi kuphunzitsa zizindikiro za ngozi, kwa wodwala ndi kwa banja lace. Kudzisunga wekha si kukhala kunyumba pamene pafunika cipatala. Wodwala shuga amene amwa mankhwala kapena kudzilasa, nagwira nchito yolimba osadya, shuga wace angatsike kwambiri: anjenjemera, atuluka thukuta, amva njala, alankhula zosokonezeka monga woledzera. Pamenepo amwe msanga madzi osungunulamo timasupuni titatu ta shuga, nadye cakudya pambuyo pace. Koma akakomoka musamthire kanthu m'kamwa, mumgoneke cam'mbali ndi kuthamanga naye ku cipatala. Mnzace wa pa shifiti akadziwa ici, angapulumutse moyo. Pakamwa pakapotoka, mkono ukalefuka, mau akalemera, musadikire kuti kuce. Wa khunyu akagwa, mcotseni pafupi ndi moto kapena madzi, musamlowetse supuni m'kamwa, ndipo musaope kumgwira, pakuti khunyu silipatsirana. Ndipo inu amene munapuma pfumbi la pansi zaka zambiri, dziwani kuti mapapo oumitsidwa ndi pfumbi agwidwa msanga ndi cifuwa cacikulu. Kutsokomola kosatha, kuonda, ndi thukuta la usiku zikafika, pitani mukapimitse makhololo, ndipo musaleke kupita kukapimidwa mapapo ku nyumba yopima anchito a m'migodi ku Kitwe, ngakhale munapuma kale pa nchito.

Zinthu zisanu izi siziphunziridwa pa kukhala pa benchi ndi kulemba m'kope. Anchito ayenera kuyeseza: wina akhala wodwala wouma mutu, wina namwino, anzao napenya ndi kuwakonza. Ndipo bwino koposa ndi pamene odwala eni ace aitanidwa kudzaphunzitsa anamwino m'mene matendawo amvekera kwa mwini.

PHUNZIRO LA KU TETE

Wina anganene kuti izi ndi za ku America, kumene anthu ali ndi ndalama. Tsono imvani za anansi athu a ku Tete, m'dziko la Mozambique, kutsidya kwa malire a cigawo cathu ca Kum'mawa. Kumeneko anthu a HIV anali kuyenda mitunda yaitali mwezi ndi mwezi kukatenga mankhwala, nataya ndalama za ulendo ndi tsiku la kumunda, ndipo ambiri anali kuleka. M'caka ca 2008 odwala, pamodzi ndi anchito a Boma ndi a bungwe la Médecins Sans Frontières, anayesa njira yatsopano. Odwala a mudzi umodzi amene matupi ao anali atalimba anapanga timagulu ta anthu osapitirira asanu ndi mmodzi. Mwezi uli wonse asonkhana, awerengerana mapiritsi, afunsana za m'thupi, ndipo mmodzi apita ku cipatala kukatengera onse, napimidwa iye mwini tsiku lomwelo. Mwezi wamawa apita wina. Cotero munthu ali yense aonana ndi namwino kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi.

Pofika m'caka ca 2010 anawerenga. Mwa anthu 1,301 a m'timaguluto, 1,269 anali cimwerebe mankhwala ao, 30 anamwalira, ndipo awiri okha ndiwo anasowa. Mutu umodzi susenza denga. Koma zindikirani kuti anchito a m'cipatala anayenera kuphunzira cinthu cobvuta: kukhulupira wodwala, kumpatsa mankhwala a anzace asanu, ndi kumlandira monga wanchito mnzao. Njirayi inafalikira m'Mozambique monse, ndipo inafika ndi kuno ku Zambia.

Kwathu kunonso tiri ndi pomangira. Kuyambira m'caka ca 2004, pamene mankhwala a HIV anayamba kufika m'makiliniki a Boma, anamwino athu ndi alangizi, ambiri a iwo okhala ndi kacirombo eni ace, anaphunzira kukhala pansi ndi munthu, kumkonzekeretsa asanayambe mankhwala, ndi kumlondola kunyumba akajomba. M'caka ca 2011 Boma linatsegula sukulu ku Ndola yophunzitsa athandizi a za umoyo a m'midzi kwa caka cathunthu, ndipo m'caka ca 2012 oyamba, oposa 300, anatumidwa ku midzi yao kukagwira nchito. Ku Neno, m'dziko la Malawi, m'caka ca 2015 anaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya BP, shuga, mphumu ndi khunyu, kuti onse odwala matenda okhalitsa alowe khomo limodzi ndi kusamalidwa ndi anchito amodzi-modzi. Nzeru imene tinaiphunzira ndi misozi pa nthawi ya AIDS isathere pa matenda amodzi okha.

ZOBVUTA ZILIPO

Tisanamizane, abale anga. Namwino amene ali ndi anthu zana pa mzere kunja sangathe kuceza ndi munthu ali yense theka la ola. Cifukwa cace nchitoyi iyenera kugawidwa: wina aphunzitse gulu lonse pamene lirikudikira pa khonde, wopereka mankhwala abwezetse mau pa zenera, woyendera m'nyumba aone mapazi ndi mabotolo, ndipo amene matenda ao agona apatsidwe mankhwala a miyezi itatu kuti mzere ufupike.

Caciwiri, maphunziro a sabata imodzi ku hotela, otsiriza ndi cikalata ca pa khoma, sasintha munthu. Pakapita miyezi iwiri abwerera ku kukalipa kwace kwa kale. Pafunika wamkulu womyendera pa kiliniki pomwepo, wokhala pambali pace pamene alankhula ndi wodwala, womyamika pa zabwino ndi kumkonza mseri.

Cacitatu ndico cacikulu. Kuphunzitsa wodwala kuti amwe mankhwala masiku onse, pamene pa zenera amuuza kuti, "Atha, kaguleni," ndi kulima pa thanthwe. Cipangizo copimira BP cikafa, timapepala topimira shuga tikasowa, mau onse okoma a namwino agwa pansi. Mau akuti wodwala adzisunge yekha asakhale pobisalira Boma kapena eni migodi kuti atule katundu wao pa mutu wa munthu wosauka. Wodwala ali ndi mbali yace, cipatala ciri ndi mbali yace, ndipo olemba anthu nchito ali ndi yao: kulola wanchito kupita ku kiliniki pa tsiku lace wopanda kumdula malipiro, ndi kusamcotsa nchito cifukwa waulula matenda amene alikuwasamala bwino. Munthu woopa kucotsedwa abisa matenda ace, ndipo matenda obisika ndiwo agwetsa munthu pakati pa makina.

MBALI YANU

Potsiriza ndinena ndi inu amene muli ndi kabuku ka ku kiliniki m'thumba. Pa ulendo wanu wotsatira citani zinthu zinai. Tengani mabotolo onse a mankhwala amene mumwa, pamodzi ndi a cikuda ngati mumwa, muwaike pa tebulo. Namwino wophunzira bwino sadzakukalipirani, pakuti afuna kudziwa zonse zimene zilowa m'thupi mwanu. Tengani mkazi wanu, mwamuna wanu, kapena mwana wamkulu, makamaka amene agwira mthiko pa nyumba. Funsani manambala anu, a BP kapena a shuga, muwalembe, ndipo mufunse nambala imene muyenera kufikapo. Ndipo nenani zoona. Ngati munaleka mankhwala masabata awiri, nenani, ndi cifukwa cace. Mukabisa, dotolo adzayesa kuti mankhwalawo acepa mphamvu, nadzakuonjezerani ena amene simuwasowa. Safunsa anadya phula.

Ndipo kwa inu anamwino ndi athandizi amene mulikumvera mutatopa ndi nchito ya tsiku lonse, tidziwa kulemera kwa katundu wanu. Mawa yesani cinthu cimodzi cokha. Kwa wodwala woyamba wa BP kapena wa shuga amene adzakhala pa mpando pamaso panu, musanalembe kanthu m'kabuku, mfunseni cimene cimbvuta koposa pa matenda ace, ndipo mudikire kufikira ayankhe.

Sabata yamawa pa nthawi yomweyi tidzakamba za pfumbi la m'migodi ndi cifuwa cacikulu. Amene muli ndi mafunso, lembani kalata ku nyumba ya wailesi, ndipo tidzayankha ena a iwo.